Kudzazanso zipolopolo: muyezo wa onga tiumvere kwa yani? Mafunso ndi mayankho

Ndinagwirapo ntchito zaka zingapo m'sitolo yogulitsa mfuti ndi zipangizo za ulenje ku Joni. Chibwerereni kuno ku Mangochi, mwezi sutha osabwera munthu kudzandifunsa za kudzaza zipolopolo. Wina amakhala mlimi wa ku Namwera amene ali ndi chifefe chake cha laisensi, wina ndi mnyamata amene anaona bwana wake ku Pretoria akudzaza yekha m'galaja. Mafunso ake ndi omwewo, ndiye ndawasonkhanitsa pano kuti ndisamangobwereza pakamwa. Ndineneretu kuti nambala ya onga simuipeza pano ngakhale imodzi, ndipo chifukwa chake chili m'munsimu.

Kodi kudzazanso zipolopolo n'kutani kwenikweni?

Chipolopolo chimene mumaika mu mfuti chili ndi zinthu zinayi. Pali chigoba, onga umene uli mkati mwake, kachitsulo kakang'ono kumbuyo koyatsira ongawo, ndi mutu umene umauluka. Kachitsulo kaja azigogo athu ankakatchula kuti fataki, m'masitolo amati primer. Mukawombera, mutu umapita, onga umapsa, primer imatha ntchito, koma chigoba chimatsala. Popeza chigoba cha mkuwa ndicho chodula pa zinayizo, alenje a maiko ena amachitola n'kuikamo zatsopano.

Ntchito ya manjayo munthu amaiphunzira msanga. Pamene pagona nkhani ndi pa funso lakuti onga wake uti, ndipo wochuluka bwanji. Mukaphonya pamenepo chitsulo chimaphulikira pafupi ndi diso lanu, chifukwa powombera tsaya limakhala litagunda mfuti.

Malamulo a dziko lathu amalola zimenezi?

Funso ili ndimafuna lizibwera loyamba, koma ambiri amalifunsa akutsanzika. Mfuti ndi zipolopolo m'Malawi zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la 1967, ndipo ofesi yoona za kalembera wa mfuti ili m'manja mwa apolisi, ku likulu lawo ku Area 30 ku Lilongwe. Laisensi imene muli nayo ndi yosungira mfuti imene inalembedwa pa pepalapo ndi zipolopolo zake. Kupanga zipolopolo ndi nkhani ina, kusunga onga ndi nkhaninso ina imene imakhudza lamulo la zinthu zophulika. Musaganize kuti pepala limodzi lakuphimbani ponseponse. Pitani ku polisi ya pa boma, kapena ya ku Monkey Bay ngati ndi yomwe ili pafupi, mufunse, ndipo yankho likhale lolembedwa. Mawu apakamwa a wapolisi amene mumapemphera naye limodzi sadzakuthandizani m'khoti.

Amene amasokonezeka kwambiri ndi anzathu obwera ku Joni. Kumeneko lamulo la Firearms Control Act la 2000 limalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake, ndipo limachita kutchula malire a ma primer 2,400 pa mfuti iliyonse. Lamulo limenelo ndi la South Africa, limathera pa Beitbridge. Kunyamula onga kapena ma primer m'chikwama pa basi, kudutsa nazo pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Chiponde popanda chilolezo, ndi mlandu, ndiponso ndi kuika moyo wa anthu a m'basimo pa chiswe.

Zonse zotsatirazi ndikulembera munthu amene ali ndi chilolezo, kapena amene amachita zimenezi m'dziko limene zimaloledwa.

Mumatchula load data kawirikawiri. N'chiyani chimenecho?

Ndi mzere wa m'buku umene umafotokoza chipolopolo chimodzi chimene chinayesedwa. Mzere wathunthu umatchula mtundu wa mfuti, kampani yopanga mutu ndi kulemera kwake, dzina lonse la onga, muyezo woyambira, muyezo womalizira umene suyenera kupitirira, mtundu wa primer, kampani ya chigoba, kutalika kwa chipolopolo chikatha kudzazidwa, kutalika kwa mpope umene anayesera, liwiro limene anapeza, ndipo m'mabuku abwino, pulesha yake, kutanthauza mphamvu yokankha imene onga umapanga mkati mwa mfuti ukapsa.

Zili ngati pepala la dokotala. Salemba kuti "imwani awiri" basi. Amalemba dzina la mankhwala, mphamvu yake, ndi amene akumwayo. Munthu akakupatsani nambala ya onga yokha, zina zonse osatchula, wakupatsani "imwani awiri" osakuuzani kuti mapiritsi ake ndi ati.

Ndiye ndikhulupirire yani?

Amene anayeza pulesha ndi makina, n'kulemba dzina lake pa zimene wapezazo. Otere alipo magulu atatu.

Oyamba ndi opanga kapena ogulitsa onga: Hodgdon ndi Alliant a ku America, Vihtavuori a ku Finland, Norma a ku Sweden, ndi Somchem a ku South Africa, amene onga wawo monga S335, S355 ndi S365 umapangidwa ku Somerset West kufupi ndi Cape Town. Awa amaudziwa onga wawo kuposa wina aliyense, ndipo Hodgdon, Alliant ndi Vihtavuori amaika miyezo yawo pa intaneti kwaulere. Achiwiri ndi opanga mitu ya zipolopolo, monga Hornady, Sierra, Speer, Nosler ndi Barnes. Buku la aliyense limakamba za mitu yake yokha, koma pa mitu imeneyo ndiye mwini nkhani. Achitatu ndi opanga zida zodzazira. Buku la Lyman lasindikizidwa mwatsopano maulendo oposa 50, ndipo ubwino wake ndi wakuti amayesa onga ndi mitu ya makampani osiyanasiyana. La Lee limasonkhanitsa miyezo yochokera kwa opanga onga.

Ine chizolowezi changa ndi kutsegula awiri: wa onga ndi wa mutu. Ndikapeza wachitatu ndimakondwera. Ngati ndapeza mmodzi yekha, ndipo ndi mmodzi mwa amene ndawatchulawa, ndimayambira pansi penipeni pa muyezo wake. Ndipo gawo loyamba la mabuku amenewa, masamba ambirimbiri ofotokoza ntchitoyi musanafike pa manambala, ndi limene anthu amalidumpha. Liwerengeni kawiri.

Amayeza bwanji, moti ife sitingathe?

Ali ndi mpope wapadera wobooledwa pambali. Kale pa bowolo ankaikapo kachidutswa ka mkuwa, akawombera n'kuyeza kuti kaphwanyika motani, ndipo nambala yake ankailemba ndi zilembo CUP. Masiku ano amaikapo kachipangizo ka magetsi kamene kamaonetsa pa kompyuta mmene pulesha yakwerera ndi kutsika m'kanthawi kochepa kwambiri, ndipo nambala amailemba mu psi kapena mu bar. CUP ndi psi si chinthu chimodzi, musaziyerekeze ngati zofanana.

Malire ake amaika ndi mabungwe awiri. Ku America kuli SAAMI, imene inayamba mu 1926. Ku Ulaya kuli CIP, ya mu 1914, ndipo m'maiko a mamembala ake monga Britain, Germany ndi Belgium, mfuti siigulitsidwa isanayesedwe n'kudindidwa chizindikiro. Mwa malire a SAAMI, chipolopolo cha mtundu wa .308 Winchester chimathera pa 62,000 psi, .30-06 pa 60,000, .303 British pa 49,000. Tayala la galimoto yaing'ono mumapopa 30 kapena 35 psi pa filing'i siteshoni. Ganizirani kusiyana kumeneko, kenako ganizirani kuti zonsezo zikuchitika m'kachipinda kachitsulo kosakwana chala chanu kutalika, patsogolo pa mphuno yanu. Khutu silingayeze zimenezo, phewa nalonso silingathe.

Ndatsegula mabuku awiri, manambala akusiyana. Wonama ndi uti?

Palibe. Aliyense akunena zimene anapeza ndi mpope wake, chigoba chake, primer yake, ndi onga wa gulu limene anali nalo tsiku limenelo. Mipope iwiri ya mtundu umodzi siifanana ndendende mkati. Zigoba za kampani ina n'zokhuthala, motero malo a onga amachepa ndipo pulesha imakwera. Mitu iwiri yolemera mofanana ikhoza kusiyana kutalika ndi kulimba. Wa mkuwa wokhawokha ndi wautali kuposa wa mtovu mkati, ndipo sugwiritsa ntchito manambala a unzakewo.

Choti muchite n'chosavuta. Sankhani buku limene zipangizo zake zikufanana kwambiri ndi zanu. Pamene akusiyanabe, tsatirani wotsika. Chimene ndimaletsa ndi khalidwe lofufuza mabuku asanu kuti mupeze amene walemba nambala yaikulu, n'kumati ameneyo ndiye wanzeru.

Ndili ndi buku la malemu bambo, la m'ma 1970. Silingathandize?

Lisungeni, ndi chikumbutso, ndipo mafotokozedwe ake ena akadali abwino. Manambala ake okha musawatsatire. Miyezo ina ya nthawi imeneyo inapezedwa pongoyang'ana maonekedwe a chigoba, kapena ndi kachidutswa ka mkuwa kaja, ndipo makina atsopano atabwera anaonetsa kuti ina inali yopitirira malire. N'chifukwa chake mabuku atsopano anatsitsa miyezo yambiri. Anthu amanena kuti anatsitsa poopa maloya. Ine ndimati anatsitsa chifukwa anayamba kuona bwino. Komanso onga wa dzina lomwelo ukhoza kukhala kuti tsopano ukupangidwa ku fakitale ina, m'dziko lina.

Nanga za pa Facebook, WhatsApp ndi YouTube? Anthu ake amaoneka odziwa.

Ena ndi odziwadi, ndipo mungaphunzire kwa iwo kagwiridwe ka zida, kasungidwe ka zigoba, ndi onga umene anthu ambiri akuukonda pa mfuti ngati yanu. Koma nambala ya pa intaneti ndi mphekesera mpaka mutaipeza m'buku. Ikapezeka pakati pa muyezo woyambira ndi womalizira wa buku lodalirika, ndiye kuti simunafunikire mphekeserayo. Ikapanda kupezeka, itayeni.

Ndikukumbukira bambo wina amene anabwera kusitolo kwathu ndi mfuti yokanika kutsegula. Anali atamenya chotsegulira ndi thabwa mpaka kuchithyola. Titamufunsa kumene anatenga muyezo, anatulutsa foni n'kutionetsa chithunzi chimene mnzake anamutumizira, nayenso atachilandira kwa wina. Chinali chithunzi cha tsamba la buku lenileni, koma wojambulayo anadula mutu wa tsamba pamene panalembedwa kulemera kwa mutu wa chipolopolo. Manambalawo anali a mutu wopepuka, iye anaika wolemera. Palibe amene ananama pa anthu onsewo. Anali ndi mwayi kuti chinathyoka n'chitsulo chokha.

Pali zifukwa zinanso. Munthu amalemba pa foni ndi chala chachikulu, 4 n'kukhala 7. Wina akuti "kwa ine zimayenda bwino", koma mfuti yake si yanu, ndipo alibe choyezera pulesha. Winanso ndi wodzitama chabe. Amene mfuti inamuphulikira nthawi zambiri sabwereranso kudzalemba.

Zomwezo ndi mapulogalamu ocheza nawo ngati ChatGPT. Amayankha mwaulemu, nambala yake imaoneka ngati ya m'buku, koma sanawomberepo chipolopolo ndi chimodzi chomwe, ndipo amatha kusakaniza mizere iwiri osadziwa. Afunseni tanthauzo la mawu a Chingerezi amene akukuvutani m'buku. Muyezo ayi.

Nanga inuyo bwanji osangotipatsa nambala, poti mumadziwa?

Chifukwa ndikatero ndasanduka mnzake wa bambo wa chithunzi uja. Ndilibe mpope woyezera, mfuti yanu sindinaione, ndipo nanenso chala changa chimaphonya. Bwerani ndi buku, achimwene, tiwerengere limodzi mzere wake.

Pali mapulogalamu a pa kompyuta owerengera muyezo. Amenewo bwanji?

QuickLOAD ndi Gordon's Reloading Tool ndi odziwika. Amawerengera mwa masamu zimene zingachitike, ndipo akatswiri amawagwiritsa ntchito pofuna kumvetsa zinthu. Koma kuwerengera si kuyeza, ndipo eni ake amachenjeza okha kuti zotsatira zake muziyerekeze ndi miyezo yoyesedwa. Mukalowetsa nambala imodzi yolakwika, pulogalamuyo siikana, imangokupatsani yankho lolakwika lolembedwa mwaukhondo. Kwa woyamba kumene, ndi chida chimene chimapatsa munthu mtima wodzikhulupirira nthawi isanakwane.

Onga wanga walembedwa 4350, m'buku mulinso 4350. Si womwewo?

Yang'anani zilembo za kutsogolo. Pali H4350, IMR 4350 ndi Accurate 4350, ndipo ndi mitundu itatu yosiyana. Chimodzimodzi H4895 ndi IMR 4895, H4831 ndi IMR 4831. Lero mayina onsewa ali m'manja mwa kampani imodzi ya Hodgdon, koma iwo eni amawalembabe m'mizere yosiyana. Ngati mwini wake sakuwasakaniza, inu musayerekeze.

Mudzaonanso mndandanda wosanja mitundu ya onga kuyambira wopsa msanga kufika wopsa pang'onopang'ono. Umathandiza kudziwa kuti uwu ndi wa pisito, uwu ndi wa mfuti yaikulu. Suuza munthu kuti awiri oyandikana angasinthanitsidwe. Nthawi ina onga wa Somchem utasowa m'masitolo, makasitomala ankabwera ndi mndandanda umenewu n'kumati tiwapatse "wofanana nawo" kuti apitirize ndi muyezo wawo wakale. Tinkawagulitsa onga wina, inde, koma pamodzi ndi pepala la miyezo yake, ndipo tinkawauza kuti ayambirenso pansi.

Choopsa kuposa zonse ndi onga wopanda dzina: wa m'botolo la mankhwala, wa m'kachitini kofufutika, kapena wokhuthulidwa m'zipolopolo zakale za asilikali zimene zinatsalira m'malire muno nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992. Maso sangakuuzeni kuti ndi uti. Onga wa pisito kapena wa chifefe ukalowa m'chigoba cha mfuti yaikulu pa muyezo wa mfuti yaikuluyo, mfuti imang'ambika. Onga wopanda dzina ulibe buku, ndipo zipolopolo za asilikali malo ake ndi ku polisi.

Ngakhale onga wa dzina lomwelo, chitini chilichonse chili ndi nambala ya gulu limene unapangidwira. Mukatsegula cha nambala ina, bwererani ku muyezo woyambira.

Grain ndi gramu n'zofanana?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ndimaopera kwambiri anthu a kwathu kuno, poti tinazolowera magramu ndi makilo. Mabuku ambiri amalemba mu grain, mwachidule gr. Paundi imodzi muli ma grain 7,000. Gramu imodzi ndi ma grain opitirira 15 pang'ono, 15.43. Munthu wowerenga gr ngati gramu waika onga wochuluka maulendo 15. Vihtavuori amalemba zonse ziwiri mbali ndi mbali, ndiye diso likhoza kutsetsereka kuchoka mzere uwu kupita winawo.

Masikelo ang'onoang'ono a batire amene ogula golide amayenda nawo amasintha pakati pa g, gn, ct ndi oz mukangodina batani limodzi. Sikelo yodzazira zipolopolo imafunika kuona gawo limodzi la magawo khumi a grain, ndipo muziiyesa ndi timiyala toyezera musanayambe. Onga wa masiku ano suyezedwa ndi supuni, kapena chivindikiro cha botolo, kapena chigoba chodula, ngati mchere wa pamsika.

Buku lalemba muyezo womalizira kuti ndi wotetezeka. Bwanji osangoyambira pamenepo?

Unali wotetezeka mu mpope wawo. Onaninso yankho la mabuku awiri osiyana lija. Muyezo woyambira anauika kuti ukhale mpata pakati pa mfuti yawo ndi yanu. Mumakwera pang'onopang'ono, ndipo simukakamizidwa kufika pamwamba. Nthawi zambiri mfuti imalasa bwino musanafikeko, ndipo nyama siidziwa kusiyana kwa liwiro kochepako.

Mabuku amatchula zizindikiro za pulesha yopitirira: chotsegulira kulimba, primer kuphwatalala kapena kubooka, kumbuyo kwa chigoba kukhala ndi chipsera chowala. Mukaona chimodzi, lekani pomwepo. Koma musazitenge ngati mlonda wokhulupirika, chifukwa kawirikawiri zimaoneka malire mutawadutsa kale. Chronograph, makina oyeza liwiro, amathandiza koposa: liwiro lanu likaposa la m'buku pa mpope wotalika mofanana, dziwani kuti pulesha nayo yaposa, chifukwa liwiro silibwera laulere.

Kutsika kupitirira muyezo woyambira nakonso si nzeru. Onga wochepetsetsa ukhoza kusiya mutu utatsamwa mu mpope, ndipo chipolopolo chotsatira n'chimene chimaphulitsa. Mukamva kulira kofooka kosazolowereka, musawomberenso musanayang'ane mu mpope. Mitundu ina ya onga eni ake amaletseratu kuichepetsa, ndipo chenjezo limenelo limakhala m'timalemba tating'ono pansi pa tsamba, timene wojambula chithunzi amatisiya.

Kutentha kwa kuno kuli ndi kanthu?

Kuli nako. Zipolopolo zoyesera amazisunga pa madigiri pafupifupi 21 asanaziwombere. Kuno mu Okutobala ndi Novembala timadutsa 35 tili pa mthunzi, ndipo bokosi losiyidwa m'galimoto yotseka magalasi pa boma masana limatentha moti simungaligwire bwino. Onga wotentha umapsa mofulumira ndipo pulesha imakwera. Muyezo umene unali pa malire m'mawa wa mu Juni ku Dedza, kapena m'nyengo yozizira ku Johannesburg, ukhoza kudutsa malire masana a mu Novembala ku Malombe. Mitundu ina yatsopano inapangidwa kuti isamasinthe kwambiri ndi kutentha, koma kusintha pang'ono sikusowa.

Azungu a ulenje wakale ankalidziwa vutoli. Onga wawo wa cordite unkavuta m'dzuwa la ku Africa ndi India, n'chifukwa chake zipolopolo za nthawi imeneyo, monga .375 H&H ya mu 1912, anazipanga ndi chigoba chachikulu chotsetsereka kuti chizituluka mosavuta ngakhale kutatentha. Kwa ife, phunziro lake ndi kuyesa muyezo m'nyengo yotentha imene mudzaugwiritsire ntchito, ndi kusiya mpata pansi pa malire.

Chinyezi cha m'mbali mwa nyanja nachonso chimawononga. Onga uzikhala m'chitini chake chomwecho, chotseka bwino, pozizira, kutali ndi khitchini ndi ana, ndiponso kosiyana ndi ma primer. Ukayamba kununkha mowawasa kapena kutulutsa fumbi lofiirira ngati dzimbiri, wawonongeka.

Ine ndili ndi chifefe chabe. Zonsezi zikundikhudza?

Kwambiri, ndipo kwa inu lamulo lake ndi louma kuposa la enawo. Chifefe cha 12 gauge malire ake ndi 11,500 psi, chifukwa mpope wake ndi wopyapyala. Mpata wolakwitsa ndi wochepa, ndipo zizindikiro zimene ndatchula pamwambapa pa chifefe sizioneka nthawi yabwino. Choncho pa chifefe palibe zoyambira pansi n'kumakwera. Buku limatchula chigoba chakuti, primer yakuti, chotsekera cha pulasitiki chakuti, onga wakuti, ndi kulemera kwa timipira, ndipo mumatsatira zonse momwe zilili. Kungosintha primer yokha kukhoza kukweza pulesha ndi masauzande a psi.

Timipira ta chitsulo tili ndi miyezo yakeyake, yosiyana ndi ta mtovu. Za kutsegula chipolopolo n'kuikamo misomali yodula kapena timipira ta m'maberingi a njinga, zimene ndimamva m'midzi, palibe buku limene linayesa, ndipo zimakanda kapena kutupitsa mpope. Werenganinso zolembedwa pa mpope wanu: chipolopolo cha mamilimita 76 chimalowa m'chifefe cha mamilimita 70 popanda kukana, koma powombera chimasowa malo otsegukira.

Mfuti yanga ndi .303 yakale. Buku lililonse lingachite?

Iyambe yaonedwa ndi katswiri wokonza mfuti. Mfuti zambiri za .303 zotchedwa Lee-Enfield zadutsa zaka 80, ndipo buku limangoganiza kuti mfuti yanu ili bwino. Pa mitundu ina yakale, mabuku amagawa miyezo malinga ndi kulimba kwa mfuti. Ya .45-70 ili ndi magawo atatu, ndipo muyezo wa mfuti yamakono ukhoza kuswa yakale ngakhale chipolopolo chikulowa bwinobwino. Werengani mawu a pamwamba pa tsamba musanathamangire manambala. Dziwaninso kuti zigoba zambiri zakale za asilikali za .303 zili ndi primer ya mtundu wa Berdan, pamene mabuku ndi zida zambiri zinakonzedwera primer ya mtundu wina, wotchedwa Boxer.

Agogo athu ankadzaza gogodela popanda buku. Ife tavuta pati?

Ankaterodi. M'zaka za m'ma 1800 mafumu a Chiyao monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi ankapeza mfuti ndi onga kuchokera kugombe la nyanja ya mchere posinthanitsa ndi minyanga, ndipo palibe amene anali ndi sikelo. Koma wawo unali onga wakuda, wa utsi wambiri, wa pulesha yotsika, umene umayezedwa ndi kachikho. Onga wopanda utsi unabwera mu 1884 kuchokera kwa Mfalansa Paul Vieille, ndipo ndi nyama ina. Mphamvu yake ndi yoposa maulendo angapo, ndipo ukapanikizidwa umapsa mofulumira koposa. Kuuthira mu gogodela, ngakhale pang'ono, ndi kupanga bomba logwirira m'manja. Nzeru za agogo zinali zoona pa onga wawo, sizikugwira pa uwu.

Ndipo gogodela wosula kumudzi ndi paipi ya madzi alibe buku, alibe chidindo cha kuyesedwa, alibenso laisensi.

Mvuu ndi njovu zikutha mbewu m'munda. Ndidzaze champhamvu kuti ndithane nazo?

Pepani ndi mbewuzo, ndikudziwa kuwawa kwake, makamaka kwa anzathu a m'mbali mwa Shire ndi Malombe ndi oyandikana ndi nkhalango. Koma kuwonjezera onga sikusandutsa chifefe kukhala mfuti ya mvuu. Mungoivulaza, ndipo mvuu yovulala imapha msodzi woyamba kukumana naye. Komanso lamulo la nyama zakutchire, chilikonzereni mu 2017, lili ndi zilango zofika zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu. Kanenani kwa a nthambi ya National Parks and Wildlife kudzera kwa amfumu kapena ku polisi. Ngati nyamazo zikuchokera ku Liwonde kapena ku nkhalango ya Mangochi, a African Parks ndiwo akuyang'anira malo amenewo, Liwonde kuyambira 2015 ndipo nkhalangoyo kuyambira 2018.

Wina akugulitsa zipolopolo zodzaza yekha, zotchipa. Ndigule?

Musagule, ndipo ngakhale akupatseni zaulere musawombere. Wogulitsa wopanda chilolezo akuphwanya lamulo, ndipo inu wogula mwalowa nawo. Kupatula apo, mkati simukuonamo. Mafunso onse a pamwambapa, buku lake liti, onga wake uti, sikelo inali pa grain kapena pa gramu, mukuwayankha ndi chikhulupiriro chokha.

Wodzaza wosamala amalemba pa bokosi lililonse tsiku, dzina lonse la onga ndi nambala ya gulu lake, muyezo, mutu, primer, chigoba, kutalika, ndi buku limene anatengamo pamodzi ndi tsamba lake, ndipo zomwezo amazilembanso m'kope. Amalembera mfuti yake imodzi, osati ya mnansi. Kusitolo kuja, munthu akamwalira abale ake ankabweretsa katundu wake kuti tiwathandize kugulitsa. Zida tinkalandira, mabuku tinkalandira, koma zipolopolo zodzaza yekha, ngakhale zolembedwa bwino chotani, tinkazimasula chimodzichimodzi, mitu ndi zigoba n'kusunga, onga wake n'kuutaya.